Kuwerenga madzi a mthirira kuchokera kumwamba

Pa sikimu iliyonse ya mthirira pali mkangano umodzi umene umabwera chaka ndi chaka, makamaka mu Okutobala mtsinje ukaphwera. Akumunsi kwa ngalande amati madzi sakuwafika chifukwa ena akutsegula mageti usiku. Akumtunda amati iwo akungothirira pa tsiku lawo, vuto ndi akumunsiwo amene salambula ngalande. Komiti imakhala pansi pa mtengo wa mango, kope la masiku othirira limatsegulidwa, aliyense amalumbira mpaka kutchula malemu ake. Koma kopelo limangonena tsiku limene geti linatsegulidwa. Silinena kuchuluka kwa madzi amene analowa m'buloko iliyonse, ndipo za madzi amene mbewu zinamwadi silidziwa n'komwe.

Njira yakale ndi kuyeza madzi m'ngalande momwemo: kumanga kakhoma koyezera, kukhomapo chitsulo cha manambala, n'kuika munthu woti aziwerenga m'mawa ndi madzulo. Zonse zikakhala m'malo, njirayi imathandiza. Koma matope akadzaza pansi pa ngalande manambala amayamba kunama, chitsulo chija chimatha kuzulidwa n'kukapezeka kwa ogula zitsulo zakale, ndipo woyezayo naye ndi munthu, ali ndi alamu ake kumtunda. Ngakhale zonse zitayenda bwino, chimene wayeza ndi madzi odutsa pa geti basi. Kuchokera pa geti kukafika pa muzu wa chimanga ulendo ndi wautali, ndipo zambiri zimachitika panjira.

Akatswiri a madzi analitembenuza funsoli. M'malo mofunsa kuti m'munda mwalowa madzi ochuluka bwanji, anayamba kufunsa kuti ndi ochuluka bwanji amene achoka m'mundamo kupita kumwamba. Funso lachiwirili setilaiti imatha kuliyankha, ngakhale kuti madziwo siwaona.

Mtsuko ndi tsamba

Madzi a mumtsuko wadothi amazizira chifukwa mtsuko umachita thukuta. Timadzi timadutsa m'dothi lowotchalo, timauma kunja, ndipo pouma timapita ndi kutentha. Chomera chimachita chimodzimodzi. Mizu imakoka madzi, masamba amawatulutsa ngati nthunzi kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, tsamba n'kuzizira. Pafupifupi madzi onse amene chomera chamwa amatuluka motere, otsala m'thupi mwake ndi ochepa zedi. Chikasowa madzi chimatseka timabowo tija n'kuyamba kutentha thupi, nthawi zambiri mwini munda asanaone n'komwe masamba akupotana.

Kuti lita imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika mphamvu yodziwika, pafupifupi ma megajoule 2.45, kaya muli ku Nchalo kaya ku Sudan. Mphamvuyo imachokera ku dzuwa. Dzuwa likawomba munda, mphamvu imene yatsalira pansi imagawika patatu: ina imatenthetsa dothi, ina imatenthetsa mpweya wa pamwamba pa mbewu, yotsalayo ndiyo imaumitsa madzi. Mukadziwa yonse imene yafika n'kuchotsapo ziwiri zoyambazo, chotsala chikuuzani malita amene auluka. Ndi masamu a pagolosale: ndalama imene munabwera nayo, kuchotsera zimene mwagula, chenje ndi imeneyo. Madzi ouma padothi kuphatikiza otuluka m'masamba amatchedwa evapotranspiration, mwachidule ET, ndipo amayezedwa m'mamilimita monga timayezera mvula.

Milimita imamveka ngati kanthu kochepa mpaka mutaiyala pa hekitala. Milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000, kapena kuti zigubu 500 za malita 20. Munda wa nzimbe umene wamwa mamilimita 6 pa tsiku lotentha watumiza kumwamba malita 60,000 pa hekitala iliyonse tsiku limodzi lokhalo. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, limati chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800 kuti chikhwime, pamene nzimbe zimafuna 1,500 mpaka 2,500. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti funso loti sikimu ilime chiyani likhale funso la madzi lisanakhale la msika.

Tsono setilaiti imaona chiyani? Landsat, ya dziko la America, imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita 705 kuchokera pansi. Yoyamba inatumizidwa mu 1972, ndipo lero zikugwira ntchito ziwiri, Landsat 8 ya mu 2013 ndi Landsat 9 ya mu 2021. Iliyonse imabwerera pamalo amodzi pakatha masiku 16, moti ziwirizi pamodzi zimajambula munda wanu masiku 8 alionse. Kamera yake imodzi imayeza kuwala kobwerera kuchokera pansi, kuphatikizapo kuwala kwa infrared kumene maso athu saona koma masamba athanzi amakubweza kwambiri. Apa ndi pamene pamadziwika kuti malo awa ali ndi mbewu zothithikana, awa ndi dothi lambulanda. Kamera inayo imayeza kutentha kwa pamwamba pa nthaka ndi masamba, ndipo pa nkhani ya madzi yofunika kwambiri ndi imeneyi. Pamene Landsat 8 inkakonzedwa, kamera ya kutenthayi poyamba sinali m'mapulani. Oyang'anira madzi a m'zigawo zouma za kumadzulo kwa America ndiwo anaumirira kuti iikidwe, chifukwa popanda iyo ntchito yawo ikanaima.

Chimene chinkasautsa ndi chakuti masamu aja amafuna kutentha kwa mpweya pamwamba pa munda uliwonse, koma palibe amene amakuyeza. Wim Bastiaanssen wa ku Netherlands, mu njira yake yotchedwa SEBAL imene inafalitsidwa mu 1998, anapeza mozembera. M'chithunzi chilichonse amasankha malo awiri. Oyamba ndi ozizira kwambiri, monga munda wobiriwira wothiriridwa mokwanira, kumene mphamvu yambiri ya dzuwa ikuthera pa kuumitsa madzi. Achiwiri ndi otentha kwambiri, monga munda wogaulidwa wouma gwa, kumene kulibe madzi oti aume. Minda ina yonse imagwera pakati pa awiriwa. Amene anayendapo opanda nsapato masana a Okutobala, kuchoka pa msewu wafumbi kutsikira pa udzu wa kudimba, phazi lake linachita kale muyeso womwewu. Richard Allen ndi anzake a pa yunivesite ya Idaho ku America anaikonza njirayi n'kuitcha METRIC, ndipo anailumikiza ndi zoyeza zanyengo za pansi: mphepo, chinyezi, dzuwa. Zoyeza zapansizi ndizo zimathandizanso kudzaza masiku a pakati, amene setilaiti sinadutse, kuti papezeke madzi a mwezi wonse kapena a nyengo yonse.

Kale chithunzi chimodzi cha Landsat chinkagulidwa pa mtengo woti ofesi ya ulimi ya m'boma sikanakwanitsa. Kuyambira 2008 zonse ndi zaulere. Mu 2015 mayiko a ku Ulaya anawonjezera Sentinel-2, imene imaona tinthu tating'ono mpaka mamita 10 ndipo masiku ano imabwerera masiku 5 alionse, ngakhale ilibe kamera ya kutentha. Mu 2017 FAO, ndi ndalama za boma la Netherlands, inatsegula WaPOR, tsamba la pa intaneti pamene masamu onsewa achitidwa kale. Munthu amangosankha dera mu Africa n'kuona ET ya masiku 10 alionse, pamodzi ndi kukula kwa mbewu.

Gezira: madzi alipo, koma safika

Mapu a ET paokha ndi mitundu chabe ya utoto. Amayamba kulankhula akayalidwa pamwamba pa mapu a ngalande ndi mabuloko. Pamenepo mumatha kufunsa ngati mbewu za m'buloko iyi zinamwa zofanana ndi zimene zinkafuna, ngati buloko yoyamba ndi yomaliza zinamwa mofanana, ngati madzi ankabwera mosadukiza kapena mwa apo ndi apo, komanso kuti pa malita 1,000 alionse amene auluka patuluka makilogalamu angati a zokolola.

Malo amene mafunsowa amaonekera bwino ndi sikimu ya Gezira ku Sudan, chifukwa cha kukula kwake. Ili pakati pa mitsinje ya Blue Nile ndi White Nile kumwera kwa Khartoum. Inayamba ndi damu la Sennar limene linamalizidwa mu 1925, nthawi ya atsamunda a ku Britain amene ankafuna thonje la mafakitale awo, kenako inakulitsidwa ndi chigawo cha Managil. Yonse pamodzi ndi mahekitala pafupifupi 880,000. Kuti mumve kukula kwake, malo onse a m'Malawi amene akatswiri amati angathe kuthiriridwa ndi mahekitala pafupifupi 408,000, osafika ngakhale theka la sikimu imodziyi. Madzi amayenda okha, opanda pampu, kuchoka kumwera kulowera kumpoto, m'ngalande zazikulu, zapakati, mpaka tating'ono tolowa m'minda ya thonje, tirigu, mapira ndi mtedza.

Blue Nile amabwera ndi matope ochuluka kuchokera ku mapiri a Ethiopia, ndipo matopewo amatsalira m'ngalande pamodzi ndi udzu. Ofufuza atayerekeza madzi otulutsidwa pa damu ndi zimene masetilaiti ankaona m'minda, anapeza chinthu chimene alimi akumapeto ankadziwa kale koma alibe pochigwirira. Madzi otuluka pa Sennar, kuwawerengera onse pamodzi, sanali operewera. Koma mbali ya kumpoto, kutali ndi damu, inkaoneka yaludzu chaka ndi chaka pa nyengo ya mbewu za m'chilimwe cha kumeneko, chimene ndi nyengo yawo ya mvula. Apa pafunika kusamala pang'ono, chifukwa ku Gezira mvula nayo imachepa mukamapita kumpoto, choncho sikuti kuuma konse n'kwa ngalande. Komabe ntchito ya ngalande n'kudzaza pamene mvula yaperewera, ndipo mapu ankasonyeza kuti kumene madzi ankafunika kwambiri n'kumene ankafika movutikira. Mu sikimu yaikulu chonchi, kudziwa ngalande zoyamba kutumizako makina ofukula matope ndi nkhani ya ndalama zambiri.

Nkhondo imene inabuka ku Sudan mu Epulo 2023 inafika ku Wad Madani, mzinda waukulu wa Gezira, mu Disembala chaka chomwecho. Alimi ndi ogwira ntchito ambiri anathawa. Masetilaiti anapitiriza kudutsa monga mwa nthawi zonse, ndipo zithunzi zawo zinakhala imodzi mwa njira zochepa zodziwira kuti minda yadzalidwa kapena yagonera.

Madzi otayika amene ena amawola

Akuluakulu anati madzi akatayika sawoleka. Pa mthirira mwambiwu uyenera kumvedwa mosamala, ndipo apa ndi pamene, mwa kuona kwanga, masetilaiti asinthira kwambiri kaganizidwe ka anthu.

M'mabuku a ulimi timaphunzira kuti kuthirira kwa m'mizere kumafikitsa ku mbewu madzi pafupifupi 60 pa 100 alionse, kwa masipurinkila 75, kwa mapaipi odontheza 90. Otsalawo timati atayika. Koma atayikira kuti? Ena aumadi padzuwa. Koma ambiri alowa pansi n'kukadzaza zitsime, kapena atsetsereka m'ngalande zotayira n'kubwerera mumtsinje, kumene wina wakumunsi akuwadikira ndi thiredo pampu yake. Madzi saiwala khwawa. Amene achokeratu m'dera lonselo ndi makamaka amene auluka, ndipo amenewo ndi omwe setilaiti imayeza.

Tiyerekeze ndi mlimi amene ali ndi chilolezo chopatutsa ndowa 100 mumtsinje. Akuthirira m'mizere, mbewu zake zikumwa 50, zina 50 zikubwerera. Ndiye wagula mapaipi odontheza, waona kuti munda womwewo ukukhuta ndi madzi ochepa. Chilolezo chake chikadali cha ndowa 100, ndipo iye si wopusa: akulitsa munda, kapena asintha n'kudzala mbewu yomwa kwambiri. Tsopano mwa ndowa 100 zija 90 zikuuluka, 10 zokha ndizo zikubwerera. Pa pepala la pulojekiti wachita bwino kwambiri, ayenera satifiketi. Kumunsi, kumene kunkafika ndowa 50, anthu akudabwa kuti mtsinje walodzedwa ndi ndani.

Izi si zongopeka. Ku Idaho, m'chigwa cha mtsinje wa Snake chimene chimatchuka ndi mbatatesi, alimi anayamba kuthirira mosefukiza minda zaka zoposa 100 zapitazo. Madzi olowa pansi anakweza madzi a m'matanthwe a pansi pa chigwacho, moti akasupe a Thousand Springs anakula chaka ndi chaka mpaka m'zaka za m'ma 1950. Pambuyo pake alimi anasamukira ku masipurinkila, ena anakumba zitsime zakuya n'kuikamo mapampu, ndipo akasupewo anayamba kuchepa. Lamulo la madzi kumeneko limati woyamba kupeza chilolezo ndiye woyamba kumwa, choncho eni zilolezo zakale anayamba kusumira eni mapampu. Pa milandu yotere funso limakhala loti munda wakutiwakuti unagwiritsadi ntchito madzi ochuluka bwanji chaka chakutichakuti, ndipo dipatimenti ya madzi ya Idaho yakhala ikuyankha ndi mapu a METRIC kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Ubwino wa umboni umenewu ndi wakuti unajambulidwa mkangano usanayambe, ndi makina osadziwa dzina la mwini munda. Mu 2021 kunatsegulidwa OpenET, pamene mlimi aliyense wa m'zigawo 17 za kumadzulo kwa America ankatha kuona ET ya munda wake, ndi ya munda wa mnzake woyandikana naye, kuchokera ku njira zisanu ndi imodzi zowerengera zoikidwa pamodzi.

Sikuti mapaipi odontheza ndi oipa. Amachepetsa mafuta kapena magetsi opopera, amasunga feteleza m'munda, zokolola zimakwera. Ndipo pali malo amene madzi olowa pansi amatayikadi, monga pamene akukasakanikirana ndi madzi amchere a pansi pa nthaka, zimene zimapezeka m'madera ena a m'chigwa cha Shire. Nkhani ndi yakuti mawu oti "tapulumutsa madzi" ayenera kutsimikiziridwa ndi ET ya dera lonse. Ikakwera, ndiye kuti wina kwinakwake walandidwa.

Kumene diso lakumwamba limalephera

Mitambo ndiyo mdani woyamba. Kamera ya kutentha siboola mtambo, choncho kuyambira Disembala mpaka Malichi munthu atha kudikira mwezi wathunthu osapeza chithunzi choyera. Mwayi wake ndi wakuti nyengo imene madzi amavuta, Ogasiti mpaka Novembala, ndi imene kumwamba kumakhala koyera. Setilaiti sisiyanitsanso madzi a ngalande ndi a mvula, a chitsime, kapena a chinyontho cha m'dambo: imangoona tsamba lozizira. Ndipo nambala zake si za sikelo ya kuchipatala. Pa tsiku limodzi zimatha kuphonya kwambiri, pa nyengo yonse kuphonyako kumachepa, komabe kusiyana kwa 10 pa 100 kapena kuposerapo si kwachilendo. Poyerekeza buloko ndi buloko zimakwanira. Polipiritsa mlimi faindi pa malita, n'zofunika umboni wina wapansi.

Kwa ife vuto lalikulu ndi kukula kwa minda. Chithunzi cha setilaiti chimapangidwa ndi timabokosi, ndipo kabokosi kamodzi ka Landsat ndi mamita 30 mbali zonse, kochepera pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala. Ka kamera ya kutentha ndi mamita 100 mbali zonse, hekitala yathunthu. Ku Idaho munda umodzi umadzaza timabokosi tambirimbiri. M'sikimu imene alimi ali ndi mapuloti a 0.1 hekitala, kabokosi kamodzi ka kutentha kamameza mabanja khumi, pamodzi ndi ngalande, kanjira, ndi nthochi za m'malire. Kameneko sikanganene kuti wotsegula geti usiku ndi uje. Kanganene kuti buloko ya kumapeto yakhala ikumwa theka la zimene yoyamba ikumwa kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo pa msonkhano wa pansi pa mango uja zimenezo ndi zokwanira kusintha nkhani.

Mpunga nawo uli ndi zake. M'masikimu a mpunga monga Domasi ndi Likangala, a mitsinje yothira m'nyanja ya Chilwa, madzi ambiri amapita posasa dothi ndi posunga thamanda m'munda, ndipo olowa pansiwo setilaiti siwaona. Pamenepo ET yokha sikwanira, pafunikabe muyeso wa pa geti kuti zinthu ziwirizi ziyerekezedwe. Njira yakale ija sinathe ntchito. Chasintha n'chakuti zitsulo zoyezera zikufunika pa malo ochepa, ndipo manambala ake ali ndi chowatsutsa akanama.

Kumene njirayi ingagwire bwino kwathu kuno ndi ku Chikwawa ndi Nsanje. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi yaikulu moti imaoneka bwinobwino pa zithunzi zaulerezi, ndipo pulogalamu ya Shire Valley Transformation ikufuna kuthirira mahekitala 43,370 ndi ngalande yoyambira pa Kapichira, alimi atasonkhanitsa minda yawo m'makopaletivi. Madzi opatutsidwa pamenepo ndi madzi amene sadutsa m'makina opangira magetsi a pa Kapichira, ndipo amene auluka m'minda safika ku dambo la Elephant Marsh, kumene asodzi ndi alimi a madimba amadalira. Bungwe la National Water Resources Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la mu 2013, limapereka zilolezo potengera madzi opatutsidwa. Kudziwa amene abwerera mu Shire kudzafuna kuchotsera ET, buloko ndi buloko, mwezi ndi mwezi.

Poyambira pake palipo kale. Landsat 5, imene inali ndi kamera ya kutentha, inayamba kujambula mu 1984, ndipo zithunzi za zaka zambiri za chigwa cha Shire zili m'nkhokwe ya pa intaneti: zaka za chilala, zaka za madzi osefukira, dambo litakula, dambo litaphwa. Zonsezo zinajambulidwa ngalande yatsopanoyi isanalandire dontho lake loyamba.